Luso lokha silidyetsa: olemba mapulogalamu a pakompyuta ku Germiston ndi nkhani ya kontirakiti

Mzinda wa Germiston, womwe uli kum'mawa kwa Johannesburg ndipo ndi likulu la khonsolo ya Ekurhuleni, udabadwa chifukwa cha golide m'chaka cha 1886. Kwa zaka zambiri amuna ochokera ku Malawi ankabwera ku migodi ya m'dera limeneli kudzera ku bungwe la Wenela, atadinda chala pa kontirakiti yolembedwa ndi anthu ena, yomwe analibe mphamvu yosinthapo ngakhale liwu limodzi.

Lero ena mwa adzukulu awo akubwera ndi luso lina. Adaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta m'masukulu monga MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo, kapena m'malo osulira luso monga mHub ku Lilongwe ndi WeThinkCode ku Johannesburg. Ntchito yolembedwa ikasowa, amayamba kudzilemba okha: kukonzera eni mabizinesi mawebusaiti, mapulogalamu owerengera katundu ndi ena otero. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano kontirakiti ayenera kuilemba okha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa.

Makasitomala alipo. M'madera a mafakitale monga Wadeville muli makampani ang'onoang'ono a zitsulo, a mathiraki ndi ogulitsa zipangizo za galimoto, omwe sangakwanitse kulemba katswiri wa kompyuta wokhazikika. Vuto limayamba pomwe mgwirizano wathera pakamwa. Mwini bizinesi amapempha pulogalamu yolembera katundu wolowa ndi wotuluka. Ikatha, amafuna kuti izitulutsanso ma invoisi, kenaka izigwira pafoni, koma mtengo n'kukhala womwe uja. Ntchito ya sabata zitatu imasanduka ya miyezi itatu, lendi ya nyumba ikudikira, abale kumudzi nawo akudikira.

Munthu wodzilemba yekha ayenera kudziwa kuti malamulo a ntchito a dziko la South Africa amateteza wolembedwa ntchito, osati iye. Alibe tchuthi cholipidwa, alibe thumba la UIF, ndipo kasitomala akakana kulipira, nkhani yotere si ya ku CCMA. Chishango chake ndi pepala lomwe adasainirana.

Pepalalo silifunika kukhala lalitali. Choyamba lifotokoze mwatsatanetsatane zomwe pulogalamuyo idzachite, ndi kunena kuti chilichonse chowonjezera chidzakhala ndi mtengo wake. Chachiwiri ligawe malipiro m'magawo: dipoziti ntchito isanayambe, gawo lina pakati, lotsala pomaliza. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chachitatu linene masiku omwe kasitomala ali nawo oyesera pulogalamuyo, komanso nthawi yomwe zolakwika zidzakonzedwe mwaulere, kuopa kuti mlembi angasanduke wantchito wosalipidwa mpaka kalekale.

Lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2002 limavomereza mgwirizano wopangidwa kudzera pa imelo kapena mauthenga ena a pa intaneti. Choncho zomwe zakambidwa pafoni ndi bwino kuzilemba tsiku lomwelo, kuzitumiza kwa kasitomala ndi kumupempha kuti ayankhe kuti wavomera.

Nkhani yomwe imadzidzimutsa ambiri ndi ya umwini. Wolemba pulogalamu amaganiza kuti ndi yake poti adaipanga ndi iye, pomwe kasitomala amaganiza kuti ndi yake poti adalipira. Lamulo la Copyright Act la 1978, monga lidasinthidwira mu 1992, limati mlembi wa pulogalamu ya pakompyuta ndi munthu yemwe amalamulira kapangidwe kake. Mu 2006, pa mlandu wa pakati pa Haupt ndi kampani ya Brewers Marketing Intelligence, bwalo la Supreme Court of Appeal lidaunikira kuti munthu angakhale wolamulira ngakhale sadalembe yekha, ngati ndiye ankapereka malangizo ndi kuvomereza kapena kukana zomwe zapangidwa. Lamulo lomweli limatinso kusamutsa umwini kuchitike polemba ndi kusaina. Njira yanzeru ndi kulemba momveka bwino kuti umwini udzapita kwa kasitomala akadzamaliza kulipira, ndipo zida zomwe mlembi adapanga kale n'kumazigwiritsa ntchito kwa makasitomala ena zidzakhalabe zake.

Palinso udindo wosunga chinsinsi. Kuyambira pa 1 July 2021, lamulo la POPIA likugwira ntchito mokwanira, ndipo limafuna kuti kampani yopereka mayina, manambala a foni kapena zambiri za anthu kwa munthu wakunja woigwirira ntchito, ichite naye mgwirizano wolembedwa wa momwe adzazitetezere. Mlembi wodziwa izi amaoneka wokhwima pamaso pa kasitomala.

Nanga kasitomala akangoti zii? Khoti la Small Claims limamva milandu ya ngongole zing'onozing'ono popanda maloya, ndipo mu 2019 malire ake adakwezedwa kufika pa R20 000. Wodandaula amayamba ndi kalata yopatsa mwini ngongole masiku 14 kuti alipire. Komabe khotili limalandira madandaulo a anthu okha. Kampani ikhoza kusumiridwa kumeneko, koma siingasumire wina. Ichi n'chofunika kuchilingalira kwa yemwe akuthamangira kukalembetsa kampani ku CIPC. Kuzengereza nakonso n'koopsa, chifukwa pansi pa lamulo la Prescription Act la 1969, ngongole zambiri zimafa pakatha zaka zitatu.

Ndalama zikalowa, si zonse za mwini. Bungwe lotolera msonkho la SARS limayembekezera wodzilemba yekha kulipira msonkho wongoyerekeza kawiri pachaka, kumapeto kwa August ndi kumapeto kwa February. Yemwe sapatula gawo la msonkho pa invoisi iliyonse amadzagwira njakata nthawiyo ikakwana.

Kwa Mmalawi pali chinthu china chomwe chimatsogola zonsezi. Chilolezo cha mlendo cha masiku 30 chomwe chimadindidwa pa chipata cha Beitbridge sichilola kugwira ntchito kapena kuchita bizinesi. Wopanda chiphaso choyenera amaopa kudandaula akaberedwa, ndipo makasitomala ena osaona mtima amapezerapo mwayi pa mantha amenewa.

Ambiri oyamba kumene amachita manyazi kutchula za kontirakiti, poopa kuti kasitomala aona ngati akumukayikira, makamaka akakhala wa mpingo umodzi kapena wa kumudzi kumodzi. Koma ubale umasweka msanga pomwe aliyense akukumbukira zosiyana pa zomwe adagwirizana. Kasitomala wachilungamo sathawa pepala, pakuti nalonso limamutsimikizira tsiku lomwe adzalandire ntchito yake. Yemwe akukana kusaina amakhala wadziulula yekha, ntchito isanayambe n'komwe.