Sensa ya utsi ikafa pa galimoto ya dizilo: isintheni nokha koma modekha

Alimi anzanga, ambiri mwa ife amene ulimi watikomera pang'ono tinagula magalimoto a dizilo aja otalika miyendo, oti azitinyamulira feteleza, mbewu ndi chakudya cha nkhuku, komanso kutifikitsa kumsika ngakhale msewu utaterera. Ochuluka mwa magalimoto amenewa ndi ochokera ku Japan, omwe amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe ku Karonga. Sabata ino ndati tikambirane za kachitsulo kotalika ngati chala, kamene kangathe kufoola galimoto yotere pa nthawi yomwe tomato wapsa kudimba ndipo ogula akudikira. Kachitsuloka ndi sensa yoyeza kutentha kwa utsi.

Ntchito ya sensa imeneyi

Magalimoto a dizilo a masiku ano ali ndi sefa m'paipi ya utsi yomwe amakaniko amaitchula kuti DPF. Nissan X-Trail ya dizilo yomwe inatuluka ku Japan m'chaka cha 2008, Mazda CX-5 ya 2012 ndi Toyota Prado ya 2015, onsewa ali nayo. Sefayi imagwira mwaye, ndipo mwayewo ukachuluka kompyuta ya galimoto imawonjezera dizilo pang'ono kuti utsi utenthe kufika pafupifupi madigiri 600, mwaye upse. Tsono kompyuta imadziwa bwanji kutenthako? Imauzidwa ndi masensa omwe anamangidwa m'malo angapo: pafupi ndi turbo, kutsogolo kwa sefa ndi kumbuyo kwake.

Sensa imodzi ikafa, kompyuta imaleka kuwotcha mwaye poopa kupsereza zinthu. Nyali ya injini imayaka pa dashibodi, sefa imayamba kutsekeka, kenaka galimoto imatha mphamvu moti ngakhale kachitunda kakang'ono imakwera mokakamiza. Mukazengereza, mudzagula sefa yonse, yomwe mtengo wake umaposa wa sensa kangapo konse.

Tsimikizani kaye kuti yafadi

Ine sindigwira sipanala ndisanadziwe chomwe chavuta. Pansi pa chiwongolero pali malo a timabowo 16 polumikizira kamakina kowerengera zovuta za galimoto. Kamakinaka kakaonetsa P0544, P0545 kapena P0546, nkhani ili pa sensa yoyamba. P2031 mpaka P2033 ndi ya sensa yachiwiri, pomwe P242A mpaka P242D ndi ya yachitatu. Lembani nambalayo pa pepala, chifukwa masensawa amafanana maonekedwe ndipo n'kosavuta kuchotsa yabwinobwino n'kusiya yakufa.

Komabe nambala imeneyi ikunena za njira yonse ya magetsi, osati sensa yokha ayi. Magalimoto athu amadutsa m'mapesi ndi m'ziputu, ndipo usiku amagona pafupi ndi nkhokwe pomwe makoswe sasowa. Choncho londolani waya kuchokera pa sensa mpaka pa pulagi, muone ngati sanadyedwe, sanapse kapena kuduka. Masulani pulagi muone ngati mulibe matope kapena dzimbiri. Nthawi zina kulumikiza waya kokha kumathetsa nkhani yonse.

Ngati waya ali bwino, yezani sensa ndi mita ya magetsi injini itazizira. Mitundu yake ilipo iwiri. Wina, wa platinum, umaonetsa ma ohm opitirira pang'ono 200 ukazizira ndipo nambala imakwera ukatentha. Winawo umaonetsa nambala yaikulu kwambiri ukazizira, n'kumatsika ukamatentha. Pa chifukwa ichi musagule sensa pongoona kuti ikufanana ndi yanu. Pitani ku sitolo ndi nambala ya chesisi ya galimoto kapena nambala yolembedwa pa waya wa sensa yakaleyo.

Vuto lenileni ndi malo ake

Pa magalimoto omwe injini yake inagona chopingasa, monga CX-5 ndi X-Trail, mbali ya utsi ili kumbuyo kwa injini, kufupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi okwera. Dzanja limalowa koma diso silifika. Kuwonjezera apo, nati ya sensa yakhala ikupsa ndi kuzizira kwa zaka zambiri, choncho inagwirana ndi paipi ngati anachita kuwotcherera. Apa ndi pamene ntchito ya ola limodzi imasanduka ya sabata yathunthu, munthu akathyolera sensa m'kati kapena kuononga mazinga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwa ndi oona.

Konzeranitu zida izi: soketi yakuya ya makona asanu ndi amodzi, soketi yong'ambika m'mbali yoti waya adutse, zitsulo zotalikitsira mkono wa soketi, kolumikizira kopindika, tochi, kagalasi, bulashi ya waya ndi mafuta osungunula dzimbiri. Masensa ambiri ali ndi nati ya 17 mm koma ena ndi ocheperapo, ndiye yesani soketi pa sensa yatsopano musanayambe. Sipanala yapakamwa ipewe ntchito imeneyi, chifukwa imaterereka n'kudya makona a nati.

Kachotsedwe kake

Ntchito imayamba dzulo lake. Palani dzimbiri ndi bulashi mozungulira nati, thirani mafuta aja madzulo, mubwerezenso m'mawa. Imikani galimoto pamalo athyathyathya ndi olimba, ikani miyala kumatayala. Ngati mulowe pansi, musadalire jeke yokha. Ikani zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba, osati njerwa, pakuti njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi. Ana akhale kutali.

Lizani injini kwa mphindi zochepa kuti paipi ingofunda, osati kutentha moti n'kukuwotchani. Zimitsani, chotsani kiyi ndipo masulani waya wa negetivu pa batire. Jambulani ndi foni momwe waya wa sensa wadutsira. Kenaka chotsani chilichonse chotchinga njira: chivindikiro cha injini, paipi ya mpweya, malata otchinga kutentha kapena chitsulo chapansi. Mphindi makumi awiri zochotsa zimenezi n'zabwino kusiyana ndi kukoka nati chokhota.

Ngati mwatsimikiza kuti sensa yafa, dulani waya wake pafupi ndi nati kuti soketi yakuya ilowe yonse. Soketi yong'ambika imatha kuyasama mukakoka mwamphamvu, choncho isungireni yatsopano. Onetsetsani ndi kagalasi kuti soketi yakhala mowongoka. Kokani pang'onopang'ono, osagwedeza. Nati ikangosuntha, musapitirize ulendo umodzi. Ibwezeni pang'ono, thirani mafuta, masulaninso, chimodzimodzi mpaka itayamba kuyenda yokha. Ikakana, thirani mafuta mupite kukagwira ntchito zina, mudzayesenso madzulo. Ine moto sindiugwiritsa ntchito kumbuyo kwa injini, chifukwa kumeneko kuli mawaya ndi mapaipi omwe sachedwa kugwira moto.

Mukaona kuti makona a nati ayamba kudyeka kapena sensa yathyoka, lekerani pomwepo. Musaboole ndi dirilo pamalo pomwe simukuona, poopa kuti tizidutswa ta chitsulo tingalowe mu turbo. Imeneyo yasanduka ntchito ya ku galaja komwe angachotse paipi yonse n'kuikonzera pa tebulo.

Kuika yatsopano

Pukutani mazinga a pabowo. Masensa ambiri atsopano amabwera atapakidwa kale mafuta oletsa kugwirana. Ngati yanu ilibe, pakani pang'ono pa mazinga pokha, nsonga isakhudzidwe. Musaigwetse kapena kuipinda. Yambani kumanga ndi zala, nati izungulire katatu kapena kanayi mosavuta musanaike soketi. Ikalimba msanga, ndiye kuti yalowa chokhota, masulani muyambirenso. Mangani pa mlingo wolembedwa m'buku la galimoto yanu, osati ndi mphamvu zomangira tayala. Waya adutse momwe anadutsira wakale, m'timagwiriro take tonse, kutali ndi paipi yotentha.

Bwezerani zonse, lumikizani batire ndipo fufutani nambala ija ndi kamakina. Kenaka tengani msewu wa tala, muyende mosaimaima kwa theka la ola kuti sefa iwotche mwaye womwe unaunjikana. Nyali ikayakanso ndi nambala P2463, sefa yadzaza kwambiri ndipo ifunika makaniko wokhala ndi kompyuta. Mukabwerako musaimike galimoto pa udzu wouma kapena pa mapesi, pakuti paipi yotentha chotero ingathe kuyatsa munda.

Pomaliza, ena adzakuuzani kuti angoika kachipangizo konamiza kompyuta m'malo mwa sensa. Musavomere. Kompyuta yonamizidwa imathira dizilo osadziwa kutentha kwenikweni, ndipo mapeto ake ndi sefa yosweka kapena yotsekeratu. Ntchitoyi igwireni nyali ikangoyaka, nthawi yokolola isanafike, kuti tsiku lopita kumsika galimoto idzanyamuke ndi katundu wake.