Nyali za galimoto yakale zikazima, yambirani pa swichi

Unali mwezi wa Novembala, tikuchokera kuchipatala titaweruka 8 koloko usiku. Tili pamsewu wakumudzi wopanda magetsi, nyali za galimoto yathu yakale zinaphethira kawiri kenako thii! Tinaima pambali mitima ili m'mwamba, kafungo ka pulasitiki yopserera kakumveka. M'mawa mwake tinapeza kuti mababu ali bwinobwino. Vuto linali swichi.

Abale ndi alongo, ena mwa ife kuno ku Britain tatengeka ndi galimoto zamakedzana monga Morris Minor, yomwe inkapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, kapena MGB ya 1962 mpaka 1980. Galimotozi n'zokongola, koma mawaya ake ndi okalamba kuposa ambiri a ife.

Gwero la vutoli ndi ili. M'galimoto zambiri za nthawi imeneyo, mphamvu yonse yopita kunyali imadutsa mu swichi yeniyeniyo. Mababu awiri a mawati 55 pa batire ya mavoti 12 amakoka maampu pafupifupi 9. Tizitsulo tokhudzana m'kati mwa swichi tikachita dzimbiri, magetsi amadutsa movutikira ndipo swichi imatentha. Kutenthako kumafewetsa pulasitiki, tizitsulo n'kumalekana. Zizindikiro zake ndi nyali zofiirira, zophethira galimoto ikagunda bampu, kapena swichi yotentha mukaigwira.

Musanakhudze chilichonse, chotsani kaye waya wa batire wopita kuthupi la galimoto. Samalani: galimoto zambiri zakale za kuno zinalumikizidwa mosiyana ndi zamakono, mbali ya positive ndiyo imapita kuthupi. Komanso waya wobweretsa magetsi ku swichi nthawi zambiri alibe fyuzi, choncho akangogunda chitsulo akhoza kuyatsa moto.

Mitundu ya mawaya m'galimoto za ku Britain imatithandiza. Wabulauni amakhala ndi magetsi nthawi zonse, wakuda ndi wopita kuthupi, wofiira ndi wa tinyali tating'ono, wabuluu ndi wochoka pa swichi kupita kunyali zazikulu. Wabuluu wa mzere woyera ndi wa nyali zounika patali, pomwe wa mzere wofiira ndi wa zounika pafupi. Jambulani chithunzi musanasolole waya aliyense.

Mukachotsa swichi, itsegulireni m'mbale kapena pathaulo, chifukwa muli timasipuling'i tomwe tikadumpha simudzationanso. Palani tizitsulo ndi sandipepala yosalala, pukutani, n'kubwezera. Ngati pulasitiki yasungunuka, musadzivute, gulani ina. Musaiwale swichi yachiwiri yosinthira nyali, yomwe mu Morris Minor ili pansi ndipo imapondedwa ndi phazi. Imeneyo imadya matope ndi madzi a kunsapato. Onaninso polumikizira mawaya kuseri kwa nyali, pamene pamakonda kubisala dzimbiri.

Mankhwala okhalitsa ndiwo kuika ma relay awiri ndi fyuzi. Mukatero swichi imangotumiza kamphamvu kochepa, mphamvu yaikulu n'kumachoka ku batire kupita kunyali mwachindunji. Ifeyo ntchito iyi tinaisiyira makaniko wa zamagetsi, paja safunsa anadya phula.

Chomaliza n'chalamulo. Kuyambira mu Meyi 2018, ku England, Scotland ndi Wales galimoto yopitirira zaka 40 yomwe sinasinthidwe kwambiri siikakamizidwa kukapimidwa MOT. Izi zikutanthauza kuti palibe amene adzakuonereni nyalizo ngati simuziona nokha, pomwe kuyendetsa galimoto yoika anthu pangozi kuli ndi chindapusa chofika £2,500.

Ife ogwira ntchito m'chipatala timaona mmene anthu amafikira pambuyo pa ngozi za usiku. Mawotchi amabwezedwa Lamulungu lomaliza la Okotobala, ndipo pofika Disembala kunja kumakhala kutada cha m'ma 4 koloko. Tsikulo lisanafike, yatsani nyali kwa mphindi 10, kenako gwirani swichi. Ngati yatentha, musadikire kuti izimire panjira.