Oyilo Wotchipa ndi Oyilo Wodula: Injini Yokalamba Imafuna Uti?

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya Malawi zinayamba zatumikira kwina. Zimachokera ku Japan, kutsikira padoko la Dar es Salaam kapena Durban, n'kufika kuno zitadya kale makilomita ochuluka. Corolla, Sienta, Probox, minibasi za Hiace ndi Nissan Caravan, zonsezi tsiku la sevisi zimamuika mwini wake pamphambano. M'sitolo muli chigubu chonyezimira cholembedwa kuti synthetic, pambali pake pali chigubu wamba cha 20W-50, ndipo panja pali mnyamata amene akupima oyilo kuchokera mumgolo n'kumathira m'mabotolo omwe kale munali madzi akumwa. Mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Popeza oyilo ndi katundu woitanitsa ndi ndalama zakunja, chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, maso a ambiri amathamangira kwa mnyamata wa mabotolo uja.

Ntchito ya oyilo si kutereretsa zitsulo kokha. Amachotsa kutentha pansi pa mapisitoni, amanyamula mwaye ndi tizidutswa tachitsulo kukatisiya mu fyuluta, amapha mphamvu ya asidi amene amapangika petulo kapena dizilo akamayaka, komanso amatseka kampata ka pakati pa maring'i ndi khoma la silinda. Zambiri mwa ntchitozi zimadalira mankhwala amene opanga amasakanizamo, omwe nthawi zina amafika gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe zili m'chigubu. Mankhwalawo ndi amene amakweza mtengo, ndiye ndi amenenso wopanga wachinyengo amayamba kuumira. Ndi maso munthu sangaone kuti mulibe. Makaniko amene amadonthezera oyilo pachala, n'kumupekesa kuti amve ngati ali "wolemera", chomwe watsimikiza n'chakuti ndi oyilo basi.

Zoona zake zimalembedwa pachigubu, kawirikawiri kumbuyo, m'timalemba timene ogula sawerenga. Choyamba ndi manambala a SAE, monga 15W-40. Nambala yotsogola, yokhala ndi W, imanena mmene oyiloyo amayendera injini ikazizira, pamene yachiwiri imanena kulimba kwake pa kutentha kwa madigiri 100, injini itagwira ntchito. Chachiwiri ndi zilembo za bungwe la ku America la American Petroleum Institute, mwachidule API. Chilembo S ndi cha injini za petulo, C ndi cha dizilo, ndipo chilembo chotsatira chikamapita patsogolo ndiye kuti oyiloyo anakwaniritsa miyeso yatsopano: SL inabwera mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020. Kumbali ya dizilo, CH-4 ndi ya 1998, CI-4 ndi ya 2002.

Apa ndi pamene kutchipa kumabisala. Bungwe lomweli limanena poyera kuti oyilo wa SF sayenera injini zopangidwa pambuyo pa 1988, ndipo wa SA, amene alibe mankhwala aliwonse, sayenera injini zopangidwa pambuyo pa 1930. Chigubu chingakhale chokongola, chojambulidwa galimoto yampikisano, koma ngati palembedwa SF sichiyenera kuyandikira Corolla ya 2004, ngakhale mwini wake amaitcha "yakale".

Nanga oyilo awiri onse akakhala ndi zilembo zoyenera, wodulayo amateteza kuposa mnzake? Funsoli linayesedwa pamsewu weniweni. Mu 1996 magazini ya ku America ya Consumer Reports inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene inachita pa matakisi 75 a mumzinda wa New York. Anamanga injini mwatsopano, n'kupima zitsulo zake, n'kuthiramo mitundu yosiyanasiyana ya oyilo wovomerezeka, wodula ndi wotsika mtengo. Takisi iliyonse inayenda mamailosi pafupifupi 60,000, omwe ndi makilomita oposa 96,000, mumsewu wa imaima. Atamasula injinizo n'kupimanso, sanapeze kusiyana kodetsa nkhawa pa kaperepesekedwe ka zitsulo. Palibe dzina limene linapambana linzake.

Izi sizikutanthauza kuti synthetic ndi bodza. Mu 2017 bungwe la oyendetsa galimoto la AAA, ku America komweko, linayesa synthetic ndi oyilo wamba mu labotale ndipo linapeza kuti synthetic amapirira kwambiri kutentha, sachedwa kuyenda kukazizira, ndiponso sawonongeka msanga. Phindu lake lalikulu ndi lakuti amatha kukhala mu injini nthawi yaitali. Koma phindu limeneli limafuna injini yosunga oyilo wake. Taganizani za Hiace yotulutsa utsi wabuluu, imene imamwa lita imodzi pa makilomita 1,000 aliwonse, kwinaku ikudontheza pansi pamene yagona. Ikamakwana makilomita 5,000 yameza malita asanu owonjezera. Kuithira oyilo wodula ndi kulipira ndalama zambiri pa chinthu chimene chikukathera muutsi ndi m'dothi, ndipo ndalama yomweyo ikanathandiza pogula masilo ndi maring'i.

Pali mantha akale oti synthetic amaboola injini yokalamba. Chimene chimachitika nthawi zambiri n'chakuti amatsuka litsiro limene linamata pamasilo ouma, ndiye kuchucha kumene kunabisika kumaonekera.

M'magalaja ambiri muli chikhulupiriro china chozika mizu, choti galimoto ikakalamba izithiridwa oyilo wolimba, 20W-50 kapena SAE 40. Pa injini zina n'zomveka. Toyota 3L ndi 5L, Nissan TD27, kapena mainjini a petulo a 3Y ndi 4Y, zitaperepeseka mabering'i n'kumagwira ntchito m'kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mu Okutobala kumapyola madigiri 40, zimakhala bwino ndi 15W-40 kapena 20W-50. Oyilo wotere amadzaza mipata yomwe yakula, ndipo amachepetsa phokoso ndi utsi.

Koma Vitz, Passo ndi Sienta ndi mtundu wina wa ukalamba. Injini zake zili ndi VVT-i, makina amene amagwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo posintha nthawi yotsegukira mavavu, kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ndi kasefa kosaposa nsonga ya chala. Zinapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30. Mmamawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, oyilo wa SAE 40 amayenda ngati uchi wa m'botolo, ndipo m'masekondi amene akuvutika kukwera pamwamba pa injini, zitsulo zimakhala zikukhulana zouma. Kuperepeseka kwambiri kwa injini kumachitika nthawi yolizayi. Injini yotere ikatopa, kukwera sitepe imodzi kufika pa 10W-40 n'kokwanira.

Kwa osunga galimoto zakalekale, monga Peugeot 504 kapena Land Rover ya m'ma 1970, nkhani imatembenuka pang'ono. Oyilo wamakono wopepuka anamuchepetsera mankhwala a zinki ndi fosifolasi otchedwa ZDDP, chifukwa amawononga chipangizo choyeretsa utsi m'galimoto zatsopano. Injini zakalezo zimawafuna mankhwalawa pofuna kuteteza kamushafuti, choncho kwa izo 20W-50 wamba kapena 15W-40 wolembedwa zilembo za dizilo ndi petulo pamodzi amayenera kuposa 0W-20 wodula.

Choopsa chenicheni ndi oyilo wosadziwika kwawo. Wa mumgolo akhoza kukhala weniweni, pakuti magalaja akuluakulu amagulanso m'migolo, koma wogula lita imodzi pamsika alibe njira yodziwira. Pali anthu amene amatolera oyilo wakuda wotsanulidwa m'magalimoto, kumusiya kuti litsiro likhale pansi, kumusefa, n'kumuthira m'zigubu zakale za makampani odziwika. Amaoneka woyera ndithu, koma mankhwala ake anatha kalekale. Zotsatira zake sizioneka sabata yomweyo. Pakapita miyezi, makaniko akatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini amapeza matope akuda okakamira, sefa ya pampu yatsekeka, nyali yofiira ya oyilo ikuphethira, kenako injini yanoka. Ndalama ya ovaholo imagula zigubu zambirimbiri za oyilo wabwino. N'chifukwa chake ndi bwino kugula pamalo omwetsera mafuta kapena kwa ogulitsa ovomerezeka, kuona kuti chotsekera sichinatsegulidwepo, ndi kuboola chigubu chikatha kuti chisakabwerenso pamsika chitadzazidwa zina.

Pamsewu wafumbi, paulendo waufupiufupi wa m'tauni, kapena pagalimoto yonyamula mopyola muyeso, oyilo amatopa msanga, ndipo mabuku a opanga galimoto amalangiza kufupikitsa mtunda wa sevisi pa zifukwa zomwezi. Amakaniko ambiri amakhazikika pa makilomita 5,000. Minibasi yoyenda makilomita 250 patsiku imafika pamenepo m'masiku 20 okha, zimene eni ake ena safuna kumva, makamaka dalaivala akamanena kuti injini "ikulira bwinobwino". Fyuluta nayo isinthidwe nthawi yomweyo. Kuthira oyilo watsopano pa fyuluta yakale, kapena pa yabodza yopanda vavu yoletsa oyilo kubwerera pansi, kumafafaniza phindu lonse la chigubu chabwino.

Kuda kwa oyilo pakokha si umboni woti watha. Mu injini ya dizilo amada patangopita masiku ochepa chifukwa akunyamula mwaye, yomwe ndi ntchito yake. Chofunika kuchita changu ndi oyilo wooneka wotuwa ngati wasakanikirana ndi mkaka pakachitsulo koyezera, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro choti madzi akulowa, kawirikawiri kudzera pa gasiketi ya silinda hedi. Zikatero galimoto iyenera kuima kaye mpaka makaniko aione.