Tinthu toletsa magazi kutuluka tikhozanso kuthandiza khansa kufalikira

Ukadzicheka ndi lumo, magazi amasiya okha pakapita mphindi zochepa. Imeneyo ndi ntchito ya maplatelet, tizidutswa ta maselo topangidwa m'mafuta a m'mafupa. Timakhala m'magazi masiku 7 mpaka 10 basi. Ngati munayezetsapo magazi kuchipatala, papepala la zotsatira paja pamene palembedwa PLT ndi iwowa. Munthu wabwinobwino amakhala nawo 150,000 mpaka 450,000 m'kadontho kamagazi kochepetsetsa.

Lero ndikufuna ndikufotokozereni mbali ina ya tinthu timeneti, yomwe ambirife sitiidziwa.

Anthu ambiri omwalira ndi khansa amamwalira chifukwa yafalikira kuchiwindi, m'mapapo, m'mafupa kapena ku ubongo. Kuti ifike kumeneko, selo la khansa limachoka pachotupa n'kulowa m'mitsempha ya magazi. Ulendo wake ndi woopsa. Magazi amathamanga mwamphamvu, komanso asilikali a m'thupi otchedwa NK amasakasaka maselo achilendo n'kuwapha. Ambiri amafera m'njira.

Apa ndi pomwe maplatelet amalowererapo. Selo la khansa limawakopa, iwo n'kulimatirira ngati akutseka bala. Likakutidwa chonchi, asilikali aja amavutika kulizindikira. Maplatelet amatulutsanso TGF-beta, yomwe imathandiza selolo kuboola khoma la mtsempha n'kulowa m'chiwalo china, ndi VEGF, yomwe imathandiza chotupa chatsopanocho kumera mitsempha yoti chizidyerapo.

Sikuti nkhaniyi ndi ya dzulodzuloli. Mu 1865 dokotala wa ku France, Armand Trousseau, anaona kuti odwala khansa magazi awo amaundana pafupipafupi. Mu 1968 Gabriel Gasic ndi anzake anachepetsa maplatelet a mbewa zofufuzira, ndipo khansa inafalikira pang'ono. Mu 2025 akatswiri a ku Cambridge anapeza, pa mbewanso, kuti aspirin amaletsa maplatelet kufooketsa asilikali ena otchedwa T cell.

Ndiye mukaona uthenga pa WhatsApp kapena Facebook woti aspirin amachiza khansa, chonde musaukhulupirire, komanso musaugawe. Kafukufuku pa anthu akadali mkati. Kumwa aspirin tsiku ndi tsiku popanda dokotala kukhoza kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba. Komanso PLT wanu akakwera, sizitanthauza kuti muli ndi khansa ayi. Kuchepa kwa ayironi kapena matenda ena wamba amawakwezanso. Funsani dokotala.

Chomwe tingachite ifeyo n'kuipeza khansa isanayambe ulendowu. Kuno ku Malawi khansa ya khomo la chiberekero ndi imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, pomwe kuyezetsa kulipo m'zipatala zaboma, katemera wa HPV wa atsikana aliponso. Auzeni mayi anu, asisi anu, achemwali anu akayezetse. Ndipo chotupa chachilendo pabere kapena bala losapola, musadikire mpaka liyambe kupweteka.