Chifuwa Chachikulu Chokana Mankhwala

Pamene mankhwala a streptomycin anapezeka ku America m'chaka cha 1943, anthu ambiri anayesa kuti nthenda ya chifuwa chachikulu yatha mphamvu. Koma posakhalitsa madokotala anaona kuti m'mapapo mwa odwala ena tizirombo sitinali kufa. Chifukwa chake nchakuti pakati pa tizirombo tochuluka sipalephera kukhala tingapo tolimba. Munthu akamwa mtundu umodzi wokha wa mankhwala, kapena akalekeza panjira poona kuti kutsokomola kwachepa, tofooka timafa koma tolimbato timaswana. Pamenepo iye amayamba kupatsira anzake nthenda yokana mankhwala.

Nthendayi imatchedwa MDR-TB ikakana isoniazid ndi rifampicin, mankhwala aŵiri amene ali mizati ya chithandizo cha nthaŵi zonse. Kwa zaka zambiri wodwala wotere ankamwa mapiritsi miyezi 18 kufikira 24, nabayidwanso jekeseni monga kanamycin, imene inagonthetsa ena makutu. M'chaka cha 2006 dziko lonse linadzidzimuka ndi mbiri yochokera ku Tugela Ferry, ku South Africa: mwa odwala 53 amene nthenda yao inakana ngakhale mankhwala oŵaŵawo, 52 anamwalira.

Mpumulo unadza mochedwa. Bedaquiline analoledwa ku America mu 2012, patapita zaka pafupifupi 40 osapezeka mankhwala a mtundu watsopano. Ntchito yake ndi kutseka njira imene kachirombo kamapangira mphamvu, kotero kuti kamazima ngati nyale yotha mafuta. Pretomanid anatsatira mu 2019. Tsono mu 2022 bungwe la World Health Organization linavomereza chithandizo chotchedwa BPaLM, chimene chimaphatikiza aŵiriwa ndi linezolid ndi moxifloxacin. Onsewa ndi akumwa, ndipo amatha pa miyezi 6 yokha.

Komabe mankhwalawa ali ndi zovuta zao. Linezolid angathe kuchititsa dzanzi m'mapazi ndi kuchepetsa magazi, pamene womwa bedaquiline ayenera kupimidwa mtima kaŵirikaŵiri. Choopsa koposa nchakuti tizirombo tokana bedaquiline taoneka kale m'maiko ena, ndi ku South Africa komwe. Chimene chinagwera streptomycin chingathe kugweranso mankhwala atsopanowa.

Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wodwala amene apirira kufikira piritsi lotsiriza apulumutsa moyo wake, ndiponso asungira mphamvu ya mankhwalawo munthu amene adzadwale pambuyo pake.