Chimanga cha M'nkhokwe: Za Fayilo Yakale ya CRW

Lero tikambirana za mtundu wina wakale wa mafayilo a zithunzi wotchedwa CRW, umene kampani ya Canon ya ku Japan inkagwiritsa ntchito m'makamera ake opanda filimu.

Munthu akamajambula, kuŵala kumagwera pa kachipangizo ka m'kati kotchedwa sensa. Kaŵirikaŵiri kamera imatenga zimene sensayo yaona, nizikonza, nitaya zina, nitulutsa chithunzi cha JPEG. Koma fayilo ya RAW, ndiko kunena kuti yaiŵisi, imasunga zimene sensa inaona zisanakonzedwe. CRW ndi imodzi mwa mafayilo otere.

Tiyerekeze motere: RAW ndi chimanga cha m'nkhokwe, JPEG ndi nsima yophika kale. Chimanga mungathe kugayitsa mgaiwa kapena ufa woyera monga mwafunira, koma nsima siibwereranso kukhala chimanga. Pa mtundu uliwonse, JPEG imasiyanitsa milingo 256 ya kuŵala, pamene CRW ya kamera ya EOS D30 inkasiyanitsa milingo 4,096. N'chifukwa chake wojambula ankatha kuŵalitsa chithunzi chimene chinada, nkhope za anthu n'kuonekanso.

Canon inakhazikitsa dongosolo la fayiloyi, lotchedwa CIFF, m'chaka cha 1997. Makamera monga EOS D30 ya mu 2000 ndi EOS 300D ya mu 2003 ankasunga zithunzi m'njira imeneyi. Mu 2004 kunabwera CR2, ndipo mu 2018 kunabweranso CR3.

Apa ndiye pagona nkhani. Filimu yakale mungathe kuikweza padzuŵa ndi kuona mwini nkhope ndi maso anu. Fayilo ya CRW siitero. Imafuna pulogalamu ya kompyuta yodziŵa kuiŵerenga. Mapulogalamu otero alipo lero, koma palibe angatilonjeze kuti adzukulu athu adzaŵapeza.

Tsono ngati muli ndi zithunzi za ukwati kapena za makolo m'mafayilo aŵa, musazengereze. Fayilo yoyambayo muisunge, musaifafanize. Kenaka mupangenso ina ya TIFF kapena ya DNG, mtundu umene kampani ya Adobe inatulutsa mu 2004, ndipo zonsezi muziike m'malo aŵiri osiyana. Mlimi wanzeru amayendera nkhokwe yake anankafumbwe asanaloŵe.