Madzi akaimitsidwa mwadzidzidzi m'paipi

Mu 1950, pamalo opangira magetsi a Oigawa ku Japan, valavu inatsekeka mwadzidzidzi madzi ali paliwiro. Chipaipi chachitsulo chotsitsira madzi kumakina chinang'ambika, ndipo antchito atatu anafa. Mphamvu imene inang'amba chitsulocho ndi yomwe ija imamveka kuti gu! m'khoma munthu akatseka mpopi mofulumira. Mainjiniya amaitcha water hammer.

Madzi oyenda akatsekerezedwa, puresha imakwera pomwepo n'kuthamanga m'paipi ngati funde. M'paipi yachitsulo fundeli limayenda mamita 1,000 kapena kuposerapo pa sekondi, kukagunda kuthanki komwe madziwo akuchokera, kubwerera, kupitanso, mpaka litazirala. Nikolai Joukowsky anayeza zimenezi m'mapaipi a mzinda wa Moscow mu 1897. Malinga ndi lamulo lake, madzi oyenda mita imodzi pa sekondi akaimitsidwa kamodzin'kamodzi, puresha imakwera ngati paipiyo yasenzetsedwa madzi ena otalika mamita pafupifupi 100.

Lamuloli limalosera bwino kugunda koyamba. Vuto lili pa zotsatira zake.

Chimene chimaziralitsa funde ndi kukhulana kwa madzi ndi khoma la paipi. Kwa zaka zambiri mainjiniya ankawerengera kukhulanaku ndi njira ya Darcy-Weisbach, yomwe inapangidwira madzi oyenda modekha ndipo imangoona liwiro la madzi onse pamodzi. Koma akayeza paipi yeniyeni, funde linkazirala msanga kuposa mmene kompyuta inanenera, ndipo nsonga zake zinkabuntha pamene pa kompyuta zinkakhalabe zakuthwa.

Chifukwa chake chimaoneka munthu akaganizira zam'kati mwa paipi. Madzi apakati amathamanga, a m'mphepete amayenda pang'onopang'ono. Funde likadutsa, onsewo amakankhidwira m'mbuyo mofanana. Apakati amangochepetsa liwiro, koma a m'mphepete, omwe anali ofooka kale, amatembenuka n'kuyamba kubwerera. Mukaphatikiza liwiro lonse mupeza ziro, ndipo njira yakale ija imati palibe kukhulana. Chonsecho pakhomapo madzi akukhula chitsulo mwamphamvu.

Werner Zielke ndiye anatsegula njira mu 1968. Iye anaonetsa kuti kukhulana kwa panopa kumadalira mmene liwiro lasinthira m'mbuyo monsemo, ndipo kusintha kwaposachedwa kumalemera kuposa kwakale. Masamu ake anagwirizana bwino ndi zoyeza, koma anali a madzi oyenda mosalala, komanso ankafuna kuti kompyuta isunge mbiri ya liwiro pa chigawo chilichonse cha paipi. Alan Vardy ndi Jim Brown a ku Dundee anadzawakuza kuti agwire ntchito pa madzi ovunduka, omwe ndiwo amayenda m'mapaipi akuluakulu. Bruno Brunone ndi anzake ku Italy anabweretsa njira yopepuka mu 1991, yongoona mmene liwiro likusinthira pa mphindi yomweyo. Imafulumira, koma imadalira nambala imene iyenera kusankhidwa mosamala. Njirazi zinayesedwa pa paipi yamkuwa ya mamita 37 ku yunivesite ya Adelaide, ndipo zinaposa njira yakale poonetsa kuzirala kwa funde.

Wina anganene kuti ngati kugunda koyamba kwadziwika, zotsalazo n'zongotayitsa nthawi. Si choncho. Magetsi akathima mapampu amaima mwadzidzidzi, ndipo woyang'anira amafunika kudziwa nthawi yodikira asanawayatsenso, kuopa kuti funde latsopano lingakwere pamwamba pa lakale. Funso limeneli si lachilendo pa mapaipi okweza madzi mtunda wautali, monga ochokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire kupita ku Blantyre.

Phindu lina lili pofufuza pamene paipi yokwiriridwa ikutaya madzi. Akatswiri amatumiza dala kafunde kakang'ono n'kuona mmene kabwererera, chifukwa bowo limachepetsa mphamvu ya funde ndi kubweza gawo lake. Kukhulana kukawerengedwa moperewera, kompyuta imaika mlandu wonse pa bowo limene mwina kulibe, ndipo amisiri amakakumba msewu pamalo olakwika. Pa mapaipi apulasitiki pali chovuta chinanso: khoma lenilenilo limatamuka n'kubwerera mochedwa, motero limameza gawo la funde, ndipo wowerengera ayenera kusiyanitsa zimenezi ndi kukhulana kwa madzi.